Mombo wa pa Njira ya ku Kapata

Zaka zisanu ndi ziwiri ndamata machubu pano,
pansi pa mombo, pomwe njira ya ku Kapata imakhota,
beseni la madzi akuda pakati pa miyendo,
kusaka kabowo kopuma mobisa.

Mu Julaye mphepo inatsika ku Kanjala ili ndi mano.
Zala zinakana sipanala.
Masamba anagwera m'beseni limodzilimodzi,
ine n'kumawayola osalankhula.
Ndi mwezi womwewo tinaika Tilyenji.

A Shawa amakala anaimika njinga yawo yolemedwa
nayang'ana m'mwamba:
"Wauma uwu. Matumba asanu ndi limodzi, tigawana."
Ndinati bwerani Loweruka.
Loweruka anatumiza mawu kuti nkhwangwa yaguluka mpini.

Kenaka lupsa. Mapiri kuda bii,
usiku moto kukwera phiri ngati mkanda wofiira,
phulusa kugwera pa malaya oyanika.
Lunkhwakwa anatsala mchenga ndi zigoba za nzimbe.
Nyenje zinayamba kuboola makutu.

M'mawa wina ndikupopa tayala la mwana wasukulu,
iye anati, "Amalume, mtengo wanu ukutuluka magazi."
Ndinakweza mutu.
Timasamba tofiira, tofewa ngati khutu la khanda,
nthambi iliyonse,
kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Madzi unawatenga kuti, mombo iwe?
Kwathu pachitsime chingwe chafika pa mfundo yomaliza.
Anakunong'oneza ndani kuti mvula ili m'njira
pamene wailesi ili chete?

Sunayankhe. Unangobiriwira.

Patapita masabata asanu kunagunda cha ku Mwami.
Fungo la dothi linatsogola,
madontho n'kubwera pambuyo, akuluakulu, owerengeka.
Madzulo inswa zinazinga babu la pa sitolo ya a Miti,
ana akuthamanga ndi mbale zamadzi,
ndipo achule a m'ngalande, amene ndinkayesa anafa kalekale,
anayambiranso mkangano wawo pomwe anausiyira.

Dzulo a Shawa adutsa, nkhwangwa ili pa kaliyala.
Ndawapopera matayala onse awiri ulere.
Za Loweruka sitinakambe.

Kamwana kamene Tilyenji anasiya kayamba kuima chogwirira.
Lero kagwira thunthu lako ndi manja onse,
kakuseka bongololo.
Ine ndamiza chubu m'madzi a mvula ya usiku,
ndadikira,
tithovu tayamba kukwera.