Galu wa Lufeyo

Lufeyo pokwera basi ya ku Joni
anandisiyira unyolo, mbale yobooka
ndi iwe, Zilikwanu.

Sabata yoyamba ku Chankhanga
sunalawe ngakhale mutu wa usipa.
Unakumba dzenje kuseri kwa bafa
n'kumagonamo utafungatira patapata wake.

Ndikati "khala pansi"
maso ako ali kuchipata.
Malole a fodya akamadutsa usiku
umanjenjemera ngati wamalungo,
aneba n'kumenya khoma:
"Mtontholetseni ameneyo!"

Dzulo mbuyako anaimba foni.
Ndinakuikira pakhutu.
Unazungulira nyumba katatu
ukupukusa mchira, kununkhiza paliponse,
osamupeza.

Lero m'mawa nsapato yanga yakumanzere
ndaipeza m'dzenje muja,
chidendene chotafunidwa,
itagundana ndi patapata uja.

Sindinakukalipire.
Kuntchito ndapita nditavala jombo,
kunja kuli ng'amba.