Denga Langa ndi Pansi Pawo

Ku Valparaíso nyumba zimaberekana kumsana,
ina pa inzake, mpaka phiri kutha.
Denga langa ndi pansi pawo.
Ndiye Ximena atabwera naye mwana kuchokera kuchipatala,
mu Julaye, mphepo ya kunyanja ikuluma ngati galu wa eni,
ndinayamba kuwerenga usiku wawo ndi makutu.

Matabwa sasunga chinsinsi.
Mapazi asanu kupita kuzenera, asanu kubwerera.
Olemerawo ndi a Hernán,
okhwekhwerezawo ndi a mkazi wake,
ulusi wa opaleshoni ukumukokabe pamimba.
Ndipo pamwamba pa zonse kamawu kaja,
kochepa ngati ka mwana wa mphaka,
kosatopa ngati injini ya sitima.

Ine Baltasar, zaka makumi atatu ndinayendetsa kireni padoko,
kutola makontena ngati mabokosi a machesi,
koma mwana wanga Rodrigo sindinamunyamulepo usiku.
Ndinkafunda pilo kumutu, ati mawa kuli ntchito.
Malemu Edelmira sanandiimbe mlandu.
Anangonena kamodzi, imvi zitatipeza kale, akusenda mbatata:
"Miyezi ija ndinkacheza ndi khoma."

Tchuthi cha Hernán chinatha.
Tambala asanalire amatsika kukakanda buledi wa anthu ena.
Usiku wina mapazi anaima.
Khanda likulira, woyenda palibe.
Kenako kulira kwachiwiri, kwa munthu wamkulu,
kotsekedwa ndi chikhatho.

Ndinakwera kutacha.
Sindinati "muli bwanji",
funso limenelo limakakamiza munthu kunama.
Ndinati, "Sopo mumaika pati?"
Maluwa a alendo anali atawolera m'botolo.
Onse anabwera kudzaona mphuno ya mwana kuti ndi ya ndani,
onse anasiya malangizo,
panalibe anagwira tsache.

Tsache lomwelo tinapangana nalo:
kugogoda pansi katatu, ine ndakwera.
Masana, pakati pa usiku, osapepesa.
Sabata yoyamba sanagogode. Manyazi.
Yachiwiri anagogoda kawiri kokha, nkusiya,
ine ndinakwerabe.

Manja anga a zikang'a anaphunzira kuchirikiza khosi,
kuopa liwombo, kudikira kugeya
ngati munthu wodikira malipiro.
Eloísa anandibzikulira pa jekete langa la ku tchalitchi.
Amake anagona maola atatu athunthu
nadzuka akufunsa kuti lero ndi lachingati.

Botolo la gasi ndinalikweza masitepe zana ndi khumi ndi awiri,
kupuma kanayi, mawondo akunditukwana.
Msuzi wa nkhuku ndinauthira mchere wambiri; anamwabe.
Za misozi ija sindine dokotala.
Ndinangoti, "Kamuuzeni mzamba Lachinayi, ndikuperekezani,"
ndipo ndinakhala panja pa benchi, mwana pachifuwa,
azimayi akundiyang'ana ngati ndamuba.

Hernán ndinamupeza tsiku lina atagona pasitepe,
ufa m'nsidze, kiyi m'manja,
chitseko chake chili apo, mikono iwiri.
Iyeyu palibe anamufunsapo kanthu.
Ndinakhala pambali pake mpaka anati,
"Ndimaopa kuti ndimugwetsa."
Ndinati, "Ine sindinagwetsepo, chifukwa sindinanyamule.
Usasirire."

Mu Okutobala kunachita kachivomezi.
Makapu anavina, agalu a phiri lonse anauwa,
Eloísa osadzuka ndi pang'ono pomwe.
Ndinamva kuseka kupyola m'matabwa,
kuseka kwa anthu awiri ogwirana pakamwa.

Tsopano papita masiku asanu ndi anayi tsache lili chete.
Ndi zomwe tinkafuna.
Koma ine ndazolowera, ndimadzuka ola lomwe lija,
mapazi asanu kupita kuzenera, asanu kubwerera,
manja opanda kanthu,
magetsi a padoko akuphethira m'nkhungu.
Ndimaima pakhoma la kukhitchini,
pamene iye ankaima,
nkunena motsitsa:
Edelmira, ndachedwa, koma ndamva.