Katundu Wotayika

Lachisanu lotsekera, mu Julaye, kuno ku Bolton,
ndatulutsa matebulo atatu pakhomo pa holo
ndi kuyalapo zonse zimene chaka chataya:
majuzi makumi anayi ndi awiri, onse ofiira,
nsapato imodzi ya kumanzere,
magolovesi osadziwana,
botolo lomera nkhungu m'kati,
ndi dzino la mwana lokulunga m'pepala
lolembedwa kuti: la Oskar, musataye.

Wa makiyi pano ndine.
Ndimatsegula geti kusanache,
ndimawaza mchere panjira chisanu chikauma.
Ana amanditcha Bambo Chimphe
poti Chimphepo lonse limawatsamwa.

Dzulo kunali masewera.
Mvula, mwa khalidwe lake lakuno, inabwera osaitanidwa.
Ana anathamanga ndi dzira pasupuni,
azibambo nawo anati tiyese,
ndipo a Haworth, ndi mimba yawo ija,
anagwa chafufumimba m'matope.
Sukulu yonse inaseka mpaka misozi,
iwonso kuseka, ali chigonere.
Masamusa a mayi ake Safiya anatha thu koloko isanakwane.
Keke ya Mayi Pickering inangokhala, yathunthu, ikunyowa,
ndinagula magawo awiri chifukwa cha chisoni.
Ndalamazo akuti akonzera denga la laibulale
limene ndakhala ndikulitchera ndowa kuyambira Novembala.

Lero a kalasi yomaliza akutsazika.
Alemberana maina pamalaya oyera,
msana uliwonse wasanduka kalata.
Anyamata awiri omwe alimbirana mpira chaka chonse
ndawapeza kuseri kwa njinga, akulira mobisa.
Pakati pa otsazikawo pali Tinyade wanga.
Anafika pano wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe lakuno,
atamata pa thalauza langa ngati chisoso.
Lero waima kutsogolo m'holo,
wawerenga mawu otsazika m'Chingerezi cha ku Bolton
chimene ine bambo ake chimandidutsa pena.
Ndinali kumbuyo, pafupi ndi chitseko, mopu m'manja,
kunamizira kuyang'ana getsi lothima.

Belu lalira.
Makolo aunjikana pamatebulo anga,
kutembenuza makolala, kufunafuna maina.
Wina wapeza, wayamba kukalipira mwana pomwepo.
Wina watenga yosakhala yake.
Ndaona, koma ndayang'ana kumbali,
Seputembala sali patali ndipo juzi ndi yodula.
Oskar wabwerera dzino lake,
waliyang'ana, wandionetsa latsopano lomwe lamera kale pampatapo,
nati: lisungeni.

Bwalo litatsala la nkhunda zokha
ndayamba kupinda zotsala.
Pansi penipeni pa mulu
kajuzi kakang'ono, kothetheka m'zigongono.
Pakolala dzina loyamba lafufutidwa ndi mzere umodzi,
koma dzanja langa ndalidziwa: T. Chimphepo.
M'munsi mwake Callum, wofufutidwanso.
M'munsi mwake Yusuf.
M'munsi mwake dzina lina lomwe sopo wadya.
Kajuzi kamene tinakasaka sabata yathunthu,
kamene mayi ake anakalirira usiku wowonjezera kuntchito,
kanali pompano zaka zonsezi
kukufunditsa ana a eni.

Ndakanunkhiza. Sikakununkhanso kwathu.

Tinyade watulukira, nsapato m'manja,
wanditembenukira msana: Adadi, inu simunalembe.
Ndafufuza malo pakati pa maina ndi timitima,
ndapeza kampata pansi pa kolala,
kosakwana dzina lonse.
Ndalemba: Bambo Chimphe.

Kajuziko ndakabweza m'bokosi la Seputembala.
Dzino lili m'thumba la malaya, limodzi ndi makiyi.
Ndazimitsa magetsi m'makalasi khumi ndi anayi,
ndakhuthula ndowa ya m'laibulale,
ndaibwezeranso pamalo pake,
poti mvula yakuno siidziwa tchuthi.