Masokosi

Basi ya ku Hexham yatitula pamphepo,
ine, mwana wanga Tsalani, ndi kope lake la homuweki
limene mvula yayamba kale kulinyambita.
Funso la aphunzitsi: ufumu waukulu umadziwika ndi chiyani?
Mayankho asanu. Lolemba m'mawa.

Ndati tiye ukafunse miyala.

Khoma lija ndi ili, lafupika ngati nkhalamba,
likukwawa pamsana pa phiri, kutsetsereka, kukweranso.
Akuti dziko la Aroma linkathera pano.
Pachipata ichi woweta ng'ombe ankaima chilili
kuti amufunse kwawo, amuwerengere ziweto, amudule msonkho.
Lero nkhosa zikungodumpha, zopanda chiphaso.
Tsalani walemba: malire.

Ine ndapisa dzanja m'thumba la jekete
kukhudza chikalata changa chija,
cha chithunzi chosamwetulira,
chonena tsiku limene chilolezo chidzandithere.

M'nyumba yosungira zakale, kuseri kwa galasi,
muli kandalama kobiriwira, mutu wa mfumu utaperepeseka mphuno.
Kaya mwini mutu anapondapo matope ano,
koma nkhope yake inagula mowa kuno, inagula mchere.
Tsalani walemba: ndalama. Msewu. Lamulo.
Pensulo ikuthamanga, akufuna tibwerere kusanade.

Anga maso akodwa pa kathabwa kopyapyala ngati khungwa,
zilembo zake ngati mapazi a nyerere.
Ndi kalata. Wina akutumizira msilikali
masokosi, nkhwaira, ndi makabudula am'kati.
Basi.
Mipando yachifumu inagwa,
miyala ya linga alimi anakamangira makola,
koma mawu a masokosi agona m'matope zaka zonsezi
mpaka andipeza ine, Loweruka, mapazi ali zii.

Alonda ambiri apakhomali akuti sanali a ku Roma.
Anatengedwa kumaiko ogonja
kudzalondera mpanda wa eni ake,
kuwerenga masiku, kusowa wolankhula naye chakwawo.

Sindinamuuze Tsalani za bambo Hedley,
a m'chipinda chachisanu ndi chiwiri ku Haltwhistle,
amene ndimawatembenuza pabedi usiku kuti asachite zilonda.
Ali mnyamata anali ndi tebulo pakhonde ku Ntcheu,
chidindo kudzanja, mzere wa amuna pabwalo.
Mwina agogo anga anaimapo pamzerewo, chipewa m'manja.
Chinyanja chonse chimene ankalamulira nacho chinawathawa.
Kwatsala liwu limodzi,
limatuluka cha m'ma thiri koloko, mopempha:
madzi.
Ndimawakweza mutu. Amamwa.

Amayi, chachisanu?

Panja mphepo ikuliza mawaya a mpanda.
Nsapato zanga zalowa madzi,
koma zala zikufundabe pang'ono m'masokosi aubweya
amene mayi anandisankhira pakaunjika ku Lizulu,
atawatambasula padzuwa kufufuza zibowo.
Anachokera konkuno m'belo la zovala,
anaoloka nyanja, ndipo abwerera kwawo
atavala mapazi anga.

Ndati lemba masokosi.

Wandiyang'ana ngati ndamwa.
Akuti aphunzitsi akachonga cholakwa,
akufuna mawu ngati asilikali, ngati boma.
Ndati lemba zako, mwanawe, ukakhoze.

Pabasi wagona, mutu paphewa langa,
kope lili chitsegukire pamiyendo.
Pamzere wachisanu walemba asilikali.
M'munsi mwake, mwa tizilembo tating'ono
toti akhoza kufufuta mawa,
pali liwu langa lija.