Fomu ya Usiku ku Wodi ya Mafupa

Ola lachiwiri usiku, wodi yagona mwa theka.
Pa bedi lachisanu ndi chiwiri akubuula chapansipansi
mnyamata wa kabaza wa ku Chinamwali
amene anakumana ndi lole pafupi ndi mlatho wa Likangala.
Ndamumanga pulasitala masana,
choko chake chikadali m'zikhadabo zanga.

Pa tebulo la anamwino ndatsegula foni
yong'aluka galasi pakona.
Kuli sukulu kutsidya kwa nyanja yamchere
kumene amati dokotala aziyamba ndi manja,
azimva thupi lisanadandaule,
poti msana, nthiti ndi khosi ndi nyumba imodzi.
Ndaseka ndekha.
Kuno makina ounikira akafa
amawerenga fupa ndani,
si chala changa chachikuluchi?

Maphunziro awandandalika ngati katundu wa mu msika:
digiri yachiwiri ya umoyo wa anthu ambiri,
ina ya kafukufuku wa m'magazi ndi m'minyewa,
ina yophunzitsa munthu kuphunzitsa madokotala.
Yachinayi ndaiwerenga katatu, sindinaimve.
Pansi penipeni, timalemba ngati nyerere: mtengo.
Ndausintha m'makwacha kuseri kwa kapepala ka mankhwala,
maziro asefukira mpaka pa tebulo.

Fomu ikufunsa:
Mukufuniranji kudzaphunzira kuno?
Mawu asapitirire mazana asanu.

Ndilembe za Abiti Saidi a ku Jali,
anagona milungu itatu ndi ntchafu yothyoka
itamangidwa nsungwi ndi luzi,
nabwera mwendo utapola mokhota ngati mpini wa khasu?
Ndilembe kuti zaka khumi ndi chimodzi
ndakhala adokotala m'kamwa mwa odwala,
koma pa pepala la malipiro
dzina langa limakhala mzere wam'munsi?
Kapena ndinene zoona zake:
ndatopa kulosera.
Ndikufuna kudziwa chimene manjawa amadziwa
osandiuza.

Ndaziona anandiyankha dzulo akusita yunifomu yanga,
maso ali pa kolala:
Pitani, bambo a Mwayiwawo.
Koma a Namakhwa anapitanso,
anati zaka ziwiri zokha.
Lero amatumiza zithunzi atavala zikhoti zitatu,
nyumba yawo ku Matawale inaima pa mawindo,
m'chipinda chogona mwamera mpoloni.

Sindinayankhe.
Makala a m'simbi anathetheka m'malo mwanga.

Ndalemba chiganizo chimodzi:
Ndimagwira ntchito m'tsinde mwa phiri
limene limatitumizira nkhungu, mapaini
ndi anthu ogwa ndi mitolo ya nkhuni.
Ndafufuta nkhungu. Ndaibwezeranso.

Adokotala!
Ndi wa kabaza uja. Zala zachita dzanzi, akutero.
Ndasiya foni, ndagwira phazi lake,
lozizira ngati madzi a Mulunguzi.
Pulasitala yathina. Ndatenga lumo lalikulu,
ndang'amba pang'ono pang'ono kutsata mulundi,
tonse awiri tikudikira
mpaka magazi abwerera m'zikhadabo,
kufiira kumene kulibe dzina m'fomu muja.
Wandifunsa ngati adzapalasenso.
Ndati udzapalasa, koma mvula ikatha.

Pobwerera ku tebulo
bando yatha, tsamba layera mbee.
Chiganizo chija kaya chasungika, kaya chapita.
Kunja alonda akuwotha moto wa makatoni,
minibasi yoyamba ya ku Limbe yayamba kuitanira.
Tsiku lotseka ndi Lachisanu.
Ndalemba pa dzanja ndi bolopeni,
pafupi ndi choko chija,
ndipo ndapita kukasamba m'manja mosamala,
dzanja limodzi lokha.