Kachidutswa ka Piritsi

Padoko la ku Rosario, pamtsinje wa Paraná,
ndatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndikupakira soya m'sitima za eni.
Chaka chatha makwerero a kreni anayamba kutalika.
Ndinkafika pamwamba ngati thumba lonyowa,
ndipo usiku Nélida akandigwira paphewa
ndinkanamizira tulo.

Magazi anaulula zomwe pakamwa pankabisa.
Dokotala Quiroga anazunguliza nambala ndi cholembera chofiira:
testosteroni watsika, bambo Evaristo.
Jakisoni pantchafu, Lolemba lililonse.
Tidzayezanso pakapita masabata asanu ndi limodzi.

Koma Fabián, uja amanyamula zitsulo kuseri kwa galaja,
anandikokera pambali.
Iwe, thupi limasandutsa ina ya jakisoniyo kukhala esitrojeni.
Za akazi zimenezo. Umera mabere.
Uzidzalira poonera mpira.
Anandifumbatitsa timapiritsi toyera m'kapepala.
Totsekereza, anatero. Usadikire dokotala.

Ndinkadulira piritsi pathabwa la nyama
ndi mpeni womwe uja wa Lamlungu:
poyamba kachidutswa ngati kambewu ka mchere,
kenako theka,
kenako lonse,
poti mantha sadziwa muyeso.

Sabata lachitatu mawondo anayamba kulira ngati chitseko cha dzimbiri.
Zala zinauma pachiwongolero.
Mdzukulu wanga Ludmila anayenda koyamba,
kuchoka pampando mpaka pafiriji,
nyumba yonse inakuwa,
ine ndinangoyang'ana
monga ndimayang'anira sitima ikamachoka.
Mumtima munangoti zii.

Dokotala sanakalipe.
Anatembenuza pepala kuti ndione ndekha:
pomwe pankayenera kukhala nambala panali kamzere.
Mwakokolola yense, anatero.
Mafupa anu amamufuna ameneyu. Ubongo nawonso.
Ngakhale chilakolako chija munabwerera kuno.
Akadakwera mopyola, mabere n'kuyamba kuwawa, tikadakambirana.
Koma inu mwakhoma chitseko mbala isanabwere,
n'kutsekera kunja mwini nyumba.

Ndinabwerera wapansi, motsimphina, mumsewu wa Pellegrini,
ndikukumbukira mayi anga, Amparo,
amene ankakweza okha gasi pamasitepe atatu... ayi, anayi,
mwana ali m'chiuno,
osapuma, osadandaula bondo.
Za akazi zimenezo.

Timapiritsi tija tili m'kabati,
kuseri kwa chitini cha masamba a mate.
Sindinatitaye, sindikudziwa chifukwa chake.
Fabián sindinamuuze kanthu. Timangolonjerana.
Jakisoni ndikubayabe Lolemba,
mawondo akuphunziranso kukhala chete,
ndipo makwerero abwerera pamsinkhu wawo wakale,
kupatula Lachisanu.

Dzulo Ludmila anagwa pakhonde,
nadzuka yekha,
n'kubwera kudzandipatsa supuni yodzaza malovu
ngati akundipatsa makiyi a mzinda.
M'maso mwanga munalengeza.
Ndinadikira manyazi, sanabwere.
Nélida anaona, sanayankhule,
anangondipatsira chikho cha mate,
chala chake chikuchedwa pa changa.