Mahatchi Makumi Atatu

Loweruka, kuseri kwa Narborough Road,
m'galaja yonunkha oyilo ndi tiyi wozizira,
Waqas analowetsa chingwe pansi pa chiwongolero,
laputopu pamaondo.
Sipanala sanaikhudze n'komwe.
Mphindi makumi anayi, mapaundi mazana awiri,
kenaka anauza mwana wanga Tsilizani:
injini yako ndaionjezera mahatchi makumi atatu.

Madzulo ndinatsekula boneti ndekha.
Ndinasuzumira, ndinanunkhiza.
Chiboda palibe, mchira palibe, ngakhale ndowe.
Fumbi lomwe lija, mawaya omwe aja,
koma loboti ikangoyaka yobiriwira
msana umamatirira kumpando
ngati wina wakukankha pachifuwa.

"Amayi, adziwa ndani? Sizioneka izi."
Anatero akutafuna buledi, maso pa foni.
Zaka makumi awiri n'chimodzi,
ndevu zinayi, nzeru za dziko lonse.
Koma galimoto ili m'dzina langa,
ndipo pa pepala la inshuwalansi
siginecha yopindika ija ndi yanga.

Usiku wonse kuntchito, ndikutembenuza nkhalamba pabedi,
ndinkaganiza za mphwake wa Mayi Chimwaza ku Coventry,
amene anaomba khoma la eni mvula ikugwa.
Munthu wa inshuwalansi anabwera ndi kachingwe kake,
kofanana ndi ka Waqas,
n'kuwerenga mahatchi onse, imodzi imodzi.
Kalata inafika yaifupi: simunatiuze, sitilipira.
Mpaka lero akulipirabe njerwa za mzungu.
Tsoka silinunkha.
Chingwe cholowetsa ziweto m'khola
ndi chomwecho chodzaziwerengera.

Lolemba ndinaimba, yunifolomu ndisanavule.
Kanyimbo kodikirira kanazungulira kasanu ndi kawiri,
ketulo inawira, inazizira.
Kenaka mawu a mtsikana, akuti ndine Bethan,
aulemu ngati namwino wobwera ndi jakisoni.
Mwasintha chiyani? Liti? Anasintha ndani?
Mphamvu yakwera bwanji?
Mnyamatayo amayendetsa masiku angati pa sabata?
Ndinayankha zonse ngati ndili kolapa,
ndikumva zala zake zikujompha makiyi
kutali uko, m'ofesi imene sindidzaiona.

Chete pang'ono.
"Zikomo potiuza," anatero,
ndipo zikomo wakeyo anali wa mapaundi 560 pachaka
pamwamba pa zimene ndimalira nazo kale.

Ndinawerengera kuseri kwa envulopu ya magetsi.
Hatchi iliyonse pafupifupi mapaundi 19,
yosadya msipu, yosamwa madzi,
yongodya ine.
Ndi mausiku asanu ndi umodzi osagona amenewo.
Ndi malata a nyumba yanga ya ku Lunzu
amene adikirenso dzinja lina,
mvula ikulowa m'chipinda chimene sindinagonemo.

Chilungamo ndi chodula m'dziko muno,
amachitumiza pa imelo, masamba khumi ndi awiri.
Komabe nditaika foni pansi
phewa linatsika lokha,
ndinagona mpaka dzuwa la ku Leicester,
lija losowa ngati mchere wa m'chipatala,
litafika pa katani.

Pepalalo ndinaliika m'mbale yake, m'malo mwa chakudya.
"Ziweto ndi zako, bambo. Uzidyetse."
Anawerenga kawiri. Anaimbira Waqas
kufunsa mtengo wozitulutsa.
Mapaundi makumi asanu, akuti,
ndipo mazana awiri aja sabwerera.
Ngakhale kuthamangitsa hatchi n'kolipira.

Wasankha kuzisunga.
Lachisanu lililonse amaponya mapaundi khumi ndi imodzi
m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa furiji,
osandiyang'ana,
ndipo mashifiti a Lamulungu kunyumba yosungira katundu
sakuwakananso.

Ine m'bandakucha, pochokera kuntchito,
ndimatsika Hinckley Road pang'onopang'ono,
mawaipa akupukuta mvula ya tsiku ndi tsiku,
kamera yachikasu ikundiyang'ana pakona.
Pansi pa phazi langa ndimazimva zikupuma,
zonse makumi atatu, zolembetsedwa, zolipiridwa,
zikuyenda mwaulemu
pambuyo pa basi.